Vaga Imodzi, Ine ndi Zakariya

Ntengo-Wambalame, nkhondo itangotha

Ana anga, inu mudandidziwa ndili kale munthu wa misewu, wobwera kunyumba nsapato zili matope okhaokha. Mwina mumaganiza kuti ntchito imeneyo ndidaipeza monga mmene mukuvutikira inu masiku ano, kuyenda ndi mapepala khomo ndi khomo. Sizidali choncho. M'nthawi yathu munthu sunkafunsira ntchito. Ukamaliza shikola ya zaumisiri ku Tete, boma linkangokuuza kopita, iwe n'kumanga katundu wako. Ine adandilozera ku Tsangano, koma ndisanazolowere n'komwe nkhondo idatibalalitsa, ndipo zaka zingapo ndidakhala kutsidya kwa malire, ku Ntcheu, m'misasa ya othawa kwawo. Ntchito yeniyeni ndidaiyamba mtendere utabwera, atanditumiza ku Ntengo-Wambalame kukatsegula msewu umene udali utamera thengo.

Shefi wanga, mkulu wondilamula pa ntchito, adali a Matewusi, bambo wamfupi, wa mawu ochepa. Tsiku limene ndidafika adandifunsa funso limodzi lokha: "Njinga umatha kupalasa?" Nditavomera adati, "Ndiye mawa ulawire." Kufunsidwa kwanga konse kudathera pomwepo. Zipangizo zidali zosowa kwambiri. Simenti ikabwera, kamiyau, galimoto yotutira mchenga, inkakhala itafa; kamiyau ikadzuka, mafuta palibe. Maakeduto, timilatho tija todutsitsa madzi pansi pa msewu, tinkamanga ndi miyala yotola m'minda ya anthu, eni minda akutithokoza kuti tawapepuza ntchito. Alimi a mbatata ya kachewere ndiwo ankatikakamiza kwambiri, chifukwa msewu ukaduka mbatata yawo inkaolera m'matumba. Kuchokera kumeneko adandibwereketsa ku Makanga, ndipo ndidagwira ku Chidzolomondo kwa nyengo zingapo. Kumeneko midzi ndi yotalikirana, ndipo milatho yambiri tinkayala ndi mitengo, tikudziwa kuti chiswe ndi mvula zigawana. Kenako adandibweza ku Tsangano, ku ofesi ya boma yoona za misewu ndi milatho. A Matewusi ndidawapeza komweko atakwezedwa kukhala diretoro, mkulu wa ofesi yonse.

Mu ofesi imeneyo mudali mpando wa enjinyeru, mkulu wa gawo lathu. Mpandowo sunkakhalitsa munthu. Enjinyeru akabwera kuchokera ku Tete kapena ku Beira ankapirira chisanu cha mu Junyu kamodzi, chaka chinacho n'kupempha kusamutsidwa. Sindiwanena. Wina mkazi wake adakana kumutsatira, wina mwana wake sankasiya kutsokomola. Koma aliyense akachoka, ntchito yake inkagwera ine: kugawa anthu, kuyendera milatho, kukayankha kwa akuluakulu msewu ukaduka. Ndidachita zimenezi zaka zambiri dzina langa likadali tekiniku. Tsiku lina a Matewusi adandiitana nati, "Mbewe, ntchito ukuidziwa, koma mpando uwu sindingakupatse. Lamulo likufuna dipuloma ya enjinyeru. Pita ukaphunzire ine ndisanapume, chilolezo ndikupezera." Nditafika kunyumba ndidauza mayi anu. Iwo adati, "Pitani. Munda ndi ana ndiona ndine."

Tete, zaka za shikola

Ndidalowa m'kalasi imvi zitayamba kale. Tsiku loyamba anyamata adaimirira poganiza kuti ndine purufesoro. Atazindikira kuti ndine mnzawo adaseka kwambiri, n'kundipatsa dzina loti Titiyo, kutanthauza amalume, ndipo dzinalo lidandikanirira mpaka kumaliza. Kutentha kwa ku Tete, kwa munthu wozolowera nkhungu ya ku Tsangano, ndi chilango pachokha, koma chimene chidandisautsa kwenikweni ndi masamu ndi komputadoro.

Amene adandipulumutsa ndi Zakariya, mnyamata wa ku Chidzolomondo, wamsinkhu wa mkulu wanu Lusiya. Bambo ake adamwalira iye ali wamng'ono, ndipo mayi ake ndiwo adamuphunzitsa ndi fodya wa m'munda mwawo. Adali wamtali, woonda, wamanyazi. Adandimva ndikudandaula m'Chichewa komputadoro itandizimira ntchito yanga, nasendera pafupi nati, "Titiyo, musaimenye, siimva. Dinani apa." Posakhalitsa tidayamba kukhala chipinda chimodzi. Iye ankandifotokozera masamu mobwerezabwereza osatopa, ine ndinkamuuza zimene ndidaona ku ntchito, mmene mtsinje wooneka wofatsa m'chilimwe umasandukira chilombo m'dzinja. Wophika ndidali ine, popeza iye nyemba ankazipsereza.

Chaka chomaliza nkhani m'kalasi idali imodzi yokha: entrevisita, kufunsidwa mafunso pamaso pa juri, anthu aja osankha woyenera ntchito. Anyamata ankabwerekana magalavata, mataye aja a m'khosi, ankaloweza mayankho, ena ankayeserera pagalasi. Purufesoro wina adapatula masana athunthu kutiphunzitsa kalowedwe, kakhalidwe pampando ndi kayankhidwe. Ine ndidakhala kumbuyo ndikusinza. Mumtima ndinkati, munthu womanga milatho zaka zonsezi angaphunzitsidwe kukhala pampando? Zakariya ankamvetsera ngati ali mu tchalitchi. Potuluka adandiuza kuti, "Titiyo, ine mayeso olemba sindiopa. Koma anthu akuluakulu akangondiyang'ana, Chipwitikizi chonse chimathawa m'mutu." Tsiku lotsanzikana, madipuloma ali m'manja, tidapangana kuti aliyense akamva za vaga, malo a ntchito otseguka, adzauze mnzake. Ndidalonjeza mosavuta, chifukwa sindinkaganiza kuti tingadzafune malo amodzi.

Tsangano, chisanu cha chaka chotsatira

Ndidabwerera ku ofesi yanga, dipuloma n'kuipachika pakhoma, koma mpando uja sadandipatse pomwepo. Zinthu zidali zitasintha. Mpando wa boma tsopano unkadzera pa konkurusu, mpikisano wolengezedwa kwa onse. M'mawa wina a Matewusi adandiuza kuti chilengezo chatuluka: vaga ya enjinyeru wa misewu ku Tsangano, malo amodzi. "Pereka mapepala ako msanga," adatero. "Juri ichokera ku Tete, ine mulibemo, koma ndani angakupose kuno?"

Ndidapereka mapepala tsiku lomwelo, kenako ndidakumbukira pangano lija. Ndidaimba telefoni ya Zakariya, siidalowe. Ndidatumiza uthenga, sadayankhe. Ndidayesanso masiku otsatira, chimodzimodzi. Ndinkadziwa kuti ali kumudzi ndipo ntchito sadaipeze, komanso dera lakwawo ndinkalidziwa: rede, netiweki ya telefoni, inkagwira pachulu china kuseri kwa tchalitchi basi. Masiku operekera mapepala ankatha.

Ndidauza mayi anu kuti ndikufuna ndimutsatire pa mota yanga, njinga yamoto yofiira ija mudaipeza. Ankasankha mbewu ya mbatata pakhonde, ndipo sadatukule mutu.

"Mwaimba, mwalemba," adatero. "Pangano mwakwaniritsa."

"Uthengawo sunamufike."

"Bambo a Lusiya, zaka zonse zija ine ndinkalima ndekha, ana akadwala ndinkathamanga nawo ndekha kuchipatala, inu muli ku Tete. Ndinkapirira chifukwa cha mpando umenewu. Lero mukufuna mukatenge munthu kutali kuti adzakulandeni?"

"Sangandilande. Mwana uja sadamangepo ngakhale akeduto imodzi."

"Ngati sangakulandeni, mukumuvutitsiranji ndi ulendo?"

"Aphunzirepo. Akadzapita kwina asadzakhale mlendo pamaso pa juri."

Ndikufuna mudziwe mmene zidalili, ana anga. Ndidapita chifukwa panganolo linkandisowetsa mtendere, inde, komanso chifukwa ndidali wotsimikiza kuti wopambana ndine. Mantha ndidalibe ngakhale pang'ono.

Chidzolomondo, nthawi yosankha fodya

Ndidalawirira m'mamawa ndipo ndidafika dzuwa litapendeka, msana utauma gwa. Zakariya ndidamupeza m'chigafa akusankha fodya ndi mayi ake, manja ali bii, atavala malaya ake a ku shikola aja atang'ambika paphewa. Telefoni yake idali itagwera m'madzi kudimba. Atandiona adadzidzimuka poganiza kuti ndabwera ndi uthenga wa maliro. Nditamufotokozera, nkhope yake idawala kanthawi, kenako idagwa.

"Titiyo, vaga imeneyi si yanu ija?"

"Ndi ya boma. Aliyense wa dipuloma akhoza kupempha."

"Ine sindingaime pamzere umodzi ndi inu. Anthu adzati chiyani?"

"Pamzerepo padzakhala anthu a ku Tete ndi a ku Beira amene sadziwa n'komwe kuti Tsangano ali mbali iti. Iwo sakuchita manyazi. Iwe uchitirenji?"

Mayi ake adamvetsera zonsezi akumanga ndindi za fodya. Kenako adati, "Zakariya, bambo awa sadayende ulendo wonsewu kuti adzakuone ukusankha fodya. Kasambe. Wotsalayu ndimaliza ndi alongo ako." M'mawa mwake tidakwerana pa mota, iye ali kumbuyo atakumbatira pasita, kachikwama ka mapepala ake, ndipo tidakawapereka tsiku lotsekera lisanafike.

Tsangano, podikira juri

Popeza kwawo kudali kutali, Zakariya adakhala kwathu podikira tsiku la entrevisita. Iwe Lusiya udali kale pabanja, koma ang'onoang'ononu mukukumbukira mlendo wamtali amene ankakuthandizani masamu. Mayi anu adamulandira monga amalandirira mlendo aliyense, madzi osamba ndi chakudya pa nthawi yake, koma kucheza naye ayi.

Ndidaganiza zomukonzekeretsa. Ndikaweruka tinkatulutsa meza, tebulo lathu lija, pabwalo. Iye ankapita kuseri kwa nyumba n'kubwera ngati akulowa mu ofesi, ine ndili juri. Tsiku loyamba zidali zomvetsa chisoni. Adabwera atawerama, akusisita manja, maso ali pansi, nakhala m'mphepete mwa mpando ngati akufuna kuthawa. Ndidati, "Fale-nos de si. Tiuzeni za inu mwini." Adayankha motsitsa mawu moti nkhuku zinkamveka kuposa iye. Ndipo chabwino chilichonse chimene adachita ku shikola ankati "tidachita", ngakhale chojambula cha mlatho chimene ndidamuona ndi maso angawa akujambula yekha.

"Mlatho uja adajambula ndani?"

"Gulu lathu, Titiyo."

"Gulu lanu lidali ku mpira. Nena kuti ndidajambula ndine."

"Zikumveka ngati kudzitama."

"Kunyumba ndi kudzitama. Pamaso pa juri ndi kuyankha funso. Ndipo undiyang'ane. Mayi ako adakulera bwino kuti usamayang'ane akulu m'maso, koma anthu amenewa ukayang'ana pansi adzati sukudziwa, kapena ukubisa kanthu."

Za Chipwitikizi chothawa m'mutu tidazipezera njira. Funso lililonse ankayamba waliyankha m'Chichewa, momasuka, ngati tikucheza, kenako n'kubwereza zomwezo m'Chipwitikizi. Ndidamuuzanso kuti akamufunsa chimene sakuchidziwa asapeke, anene kuti sakudziwa, afotokoze mmene angachifufuzire. Loweruka ndinkamutenga pa mota kukayendera misewu yathu, kumuonetsa malo amene amaduka chaka ndi chaka ndi chifukwa chake, kuti akadzamufunsa za Tsangano asadzayankhe za m'buku zokha. Sindidamubisire kanthu. Pang'onopang'ono msana udawongoka, mawu adakwera.

Tsiku lina iye adati, "Titiyo, tsopano lowani inu." Ndidaseka, koma mayi anu, amene ankamva zonse ali pakhonde, adaimirira, napukuta manja pachitenje, nadzakhala pa meza pambali pa Zakariya. "Mkulu wa juri ndine," adatero. "Lowani." Zakariya adandifunsa kuti ndingatani akeduto itatsekeka ndi mchenga pakati pa dzinja. Ndidayamba kufotokoza za akeduto ina ya ku Ntengo-Wambalame, mmene tidaimangira popanda simenti, mmene a Matewusi adakalipira, mmene zinthu zinkasowera nthawi imeneyo. Mayi anu adamenya meza.

"Funso lidali la mchenga. Inu mwafika nalo ku nkhondo."

"Ndikupereka chitsanzo."

"Mukupereka mbiri. Anthuwo adzakhala ndi njala, ena akudikira panja. Yankhani mwachidule ngati mmene mumayankhira ndikakufunsani kumene mwachedwa."

Zakariya adaseka mpaka misozi. Atatha kuseka adandiuza mwaulemu kuti ndimadula munthu mawu funso lisanathe, ndiponso kuti sangalephere kundifunsa za kujambula pa komputadoro, choncho tiyeserere. Ndisanayankhe, mayi anu adatembenukira kwa iye.

"Nawenso ndili ndi funso lako. Vaga ndi imodzi. Tikusankhe iwe chifukwa chiyani, tisiye bambo awa?"

Kuseka kudatha. Mnyamata adayang'ana ine, ngati akupempha kuti ndimuwombole. Ndidati, "Yankha. Juri yafunsa." Adayang'ana mayi anu m'maso monga ndidamuphunzitsira, nati, "Amayi, iwo akudziwa zambiri kuposa ine. Koma ine ndikhala kuno nthawi yaitali, chisanu sindichiopa, ndipo chimene sindikudziwa ndizifunsa." Mayi anu adati, "Wayankha bwino," n'kubwerera pakhonde. Za komputadoro ndidayeserera masiku ochepa, kenako ntchito idandichulukira, ndidati zakwana. Iye adapitiriza yekha, akuyankha mafunso kwa mitengo ya mapichesi kuseri kwa nyumba.

Tsiku la entrevisita

Kudacha ndi nkhungu. Mayi anu adasita malaya anga, kenako adasitanso a Zakariya, n'kumubwereka kazaku yanga yakale, jekete lija, kuti avale pamwamba. Manja a kazakuyo adamufupikira. Pakhonde la ofesi ya boma tidapeza ena odikira, anyamata ndi mtsikana mmodzi, ochokera kutali, akunjenjemera ndi chisanu. Anzanga a ku ntchito ankadutsa n'kumandipatsa moni kuti "Enjinyeru", ngati nkhani yatha kale.

Wotsogolera juri adali mayi wina, enjinyeru wa ku Tete, wovala magalasi, waulemu koma wosaseka. Mafunso a misewu ndidayankha bwino, ngakhale ndinkadzimva ndekha kuti ndikutalikitsa, ndipo kangapo mayiyo adakweza dzanja nati, "Obrigada, senhor Mbewe, tamva." Kenako adatembenuzira komputadoro kwa ine n'kundipempha kuti ndisinthe katsetserekedwe ka ngalande pa chojambula chimene chidali pamenepo. Chofunika kuchita ndinkachidziwa, papepala ndikadachita mosavuta, koma zala zidasochera.  Mayiyo adandidikira moleza mtima mpaka ndidamaliza, mochedwa. Funso lomaliza lidali loti ndikudziona ndili kuti zaka khumi zikubwerazo. Ndidanena zoona: "Ndidzakhala nditapuma, ndikulima mbatata." Onse adamwetulira, ine n'kumayesa kuti ndawasangalatsa.

Zakariya adalowa pambuyo panga. Ndili panja ndinkamva mawu ake pazenera. Zimene ankanena sindinkazimva, koma mawuwo adali okwera, osanjenjemera. Ndidanyadira. Atatuluka ndidamugwira paphewa n'kumuuza kuti akadzapita kwina adzapambana ndithu.

Patapita milungu ingapo, iye atabwerera kwawo, a Matewusi adandiitana natseka chitseko. Sadandiyang'ane. "Mbewe, zotsatira zabwera. Iwe uli wachiwiri." Sindidafunse kuti woyamba ndani. Adapitiriza okha: "Akuti akufuna munthu wokhala zaka zambiri, wodziwa makina atsopanowa, komanso wodziwa dera. Mnyamata wako uja akuti misewu yathu adaifotokoza ngati adabadwira kuno." Pamenepo ndi pomwe adandiyang'ana. "Adaidziwira kuti?" Ndidati, "Kwa ine." Adapukusa mutu, nandiuza kuti ngati ndikufuna andithandiza kusamukira ku boma lina, kuti ndisachite manyazi pamaso pa anthu amene ndakhala ndikuwalamula.

Kunyumba mayi anu sadanene kuti ndidakuuzani. Zikadakhala bwino akadanena. Adangolowa m'chipinda, ndipo ndidawamva akulira motsitsa. Ine ndidatenga khasu n'kupita kumunda, ngakhale kudalibe cholima.

Tsangano, mvula yoyamba ya shefi watsopano

Zakariya asanayambe ntchito adabwera kwathu. Adakana mpando, nakhala pansi pakhonde.

"Titiyo, ndikhoza kukana," adatero. "Inu muli wachiwiri. Ndikakana ine, apatsa inu. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Amayi akuti ndimve kwa inu."

Sindinama, mpandowo ndinkaufuna. Mawu amodzi okha adali okwanira, ndipo mayi anu adali chiimire pakhomo kudikira kuti ndiwanene. Ndidayang'ana mnyamatayo, ndidaganiza za mayi ake m'chigafa muja. Ndidadziganiziranso ine mwini, nditakhala pampando umene aliyense akudziwa kuti mwana adandisiyira pondimvera chisoni. Ndidati, "Wapambana pamaso pa juri, sunabe. Lolemba ubwere ku ntchito. Ndipo ku ofesi usadzanditchule Titiyo." Mayi anu adalowa m'nyumba.

Za kusamuka ndidaziganizira nthawi yaitali, koma munda, nyumba ndi shikola yanu zidali pano, choncho ndidakhala. Miyezi yoyamba idali yowawa. Ndinkagogoda pachitseko chimene kale ndinkangokankha. Anthu ogwira pamsewu, makamaka kapitawo wathu a Bonifasiyo, ankamvetsera Zakariya akamalankhula, n'kuvomera kuti "Sim, chefe", kenako n'kundizembera kuseri kudzafunsa kuti tichite chiyani kwenikweni. Ine ndinkawayankha, ndipo zinkandikomera.

Mvula ya chaka chimenecho idadula msewu wa ku Ntengo-Wambalame pa kamtsinje kena, akeduto yonse idakokoloka. Tidafika m'mawa n'kupeza makamiyau ataima mzere tsidya lina, alimi atakhala pamatumba awo a mbatata, ena akutukwana boma. Ine ndidati tibwezeretse pamalo pomwepo, tiike mipope ikuluikulu, msewu utseguke msanga. Zakariya adayenda m'mphepete mwa mtsinjewo kumtunda ndi kumunsi, nabwera nati madzi adasintha njira chifukwa cha minda yatsopano ya kumtunda. Adati lero tikonze podutsira pongoyembekezera, koma akeduto yeniyeni isunthire kumunsi pang'ono, pamene pali thanthwe. Tidatsutsana anthu akumva. Njira yanga idali yachangu, yake idali yochedwerapo, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ina idali yolakwika. Adamaliza ndi kunena kuti, "Senhor Mbewe, ndamva. Tichita mmene ndanenera."

Palibe adasuntha. Anyamata onse adatsamira mafosholo awo, maso ali pa ine. Ngakhale alimi adasiya kutukwana. A Bonifasiyo adandiyandikira nafunsa mokweza dala, "Nanga a Mbewe, tiyambire pati?" Ndidaona Zakariya ataima yekha pafupi ndi makina oyezera. Ndidadziwa kuti ndikaloza malo anga anthuwo akumba pomwepo, ndipo mnyamatayo sadzalamulanso munthu ku Tsangano.

"Mukundifunsa ine ngati ndani?" ndidatero. "Enjinyeru wanena kale."

Ndidavula nsapato, ndidapinda buluku, ndidatenga mira, ndodo ya manambala ija imene amagwira wamng'ono pa onse poyeza, n'kulowa nayo m'madzi kupita pathanthwe pamene iye adaloza. Madziwo adali ozizira mpaka m'mafupa. Ndidaimika ndodoyo n'kufuula kuti, "Werengani, shefi!" Adawerama pa makina ake nawerenga, ndipo kumbuyo kwanga ndidamva mafosholo akuyamba kulowa m'dothi.

Tsangano, lero

Ndidagwira ntchito pansi pa Zakariya mpaka tsiku langa lopuma. Tinkatsutsana kawirikawiri, koma chitseko chili chotseka. Nthawi zina ankagonja iye, nthawi zina ine. Milatho ikuluikulu ankandipatsa ine kuti ndiyang'anire, ndipo alendo akabwera ankandionetsa kwa iwo kuti enjinyeru Mbewe. Koma mpando uja sindidaukhalepo. Iye akadali pompano, ali ndi banja, ndipo mukudziwa nokha kuti Lamulungu akatuluka mu tchalitchi sadutsa osalowa pakhomo pano.

Mayi anu adatenga nthawi yaitali kuposa ine kuti azivomereze zimenezi. Pa ukwati wa Zakariya, mayi ake atamwalira kale, mayi anu ndiwo adaima m'malo mwawo. Adaphika, adavina, adalangiza mkwatibwi, ndipo mwana woyamba atabadwa ndiwo adakamusambitsa. Koma mpaka lero akamva galimoto ya ku ofesi ikudutsa pamsewu amati, "Uyo akupita ndi galimoto ya bambo anu." Tsiku lina ndidayesa kuwakonza. Ndidati nkhani imeneyi ndi yakale, ine ndidaiwala, nawonso aiwale. Adaika pansi lichero nandiyankha kuti, "Inu mudaiwala chifukwa mudasankha nokha. Ine palibe adandifunsa."